Utoto wa Chimeza

Bwana wa zitsulo zakale anatipatsa masabata atatu,
ine ndi Twaibu, ndi mabotolo anayi a gasi.
"Iduleni," anatero, "ikwane m'lole."

Inagona chammbali kuseri kwa doko la Chipoka,
mileme ili m'mimba, bango litamera pachiwongolero.
Dzina lake lachizungu dzimbiri linadya kalekale,
kunatsala zilembo ziwiri zosatchulika.
Akuluakulu a kuno ankangoti Chimeza.

Ine sindiyatsa moto ndisanapale.
M'pamene ndinaona kuti chitsulo nacho chili ndi makungwa.

Pamwamba, utoto wobiriwira:
zaka za mpunga wa faya wochokera ku Nkhotakota,
simenti, mbuzi, njinga zomanga ndi luzi,
injini atazula, ikungokokedwa ngati ng'ombe yakhungu.

Pansi pake, wotuwa ngati phulusa.
Nkhondo yachiwiri imeneyo.
Inkawatula pompano anyamata a kumpoto,
majombo atsopano ali lendelende m'khosi
chifukwa kumapazi ankaluma,
akakwere ya pamtunda, kenako ya panyanja yamchere,
kupita kudziko limene amayi awo
ankalitchula molakwitsa mpaka kumanda.

Kenako woyera, wopyapyala ngati mtendere womwewo:
makalata, mchere, wokhometsa msonkho ndi mpando wake wopinda.

Wotsiriza unali wotuwanso,
womata zolimba, chopalira changa chinapindika.
Nkhondo ya Jeremani.
Apa ndinakhala pansi kaye.

Atate a agogo anga, a Kalimanjira,
ankasonkhezera moto m'mimba momwemu.
Mfuti sanaigwire, Karonga ankangomuonera pakazenera.
Nkhondo ankaiyeza ndi nkhuni.
Popita, akuti, inkadya mendulo makumi atatu,
itamira mpaka pamzere,
asilikali pamwamba, amtengatenga pansi
atapanikizana ngati usipa m'dengu,
akuimba mpaka mwera utawatseka pakamwa.
Pobwera, makumi awiri ankakwana.
Inkayandama bwino, yopepuka,
ndipo kapitawo ankayamikira liwiro.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinafika kuchipinda cha pansi.
Dzuwa la Okotobala likuwotcha chitsulo,
thukuta likuyaka m'maso,
lawi langa labuluu likuyenda ndi mzere wa choko,
Twaibu anandigwira mkono.

Pakhoma, pomwe pangafike phewa la munthu wokhala pansi,
wina anakanda ndi msomali.
Timizere tating'ono, tondondozana,
ndi zolemba zopindikapindika zomwe ine ndinayesa mapazi a nkhuku.
Twaibu anavula magalasi akuda,
analondola ndi chala kuchokera kumanja,
monga anaphunzirira kumadarasa.
"Ajibu," anatero. "Mwana wa Mwatumu."
Tinafufuza mudzi, chaka, nambala. Panalibe.

Ndinafufuta choko.
Ndinadula mozungulira, mosamala
ngati mayi akusenda dzungu la mbewu.

Zina zonse zinapita.
Nthiti zake ndi makasu kwa Ndindi,
pamsika wa Kamuzu Road akuwotchera chimanga
pambaula ya m'chiuno mwake,
kachidutswa kena kakulendewera pamtengo wa mango
ndipo kamaitana ana kusukulu mamawa.
Ndikamva kulirako sindidziwa
ngati ndi kupuma pantchito kapena ndi ntchito yachisanu.

Bwana anaika chidutswa changa pasikelo.
Makilo khumi ndi limodzi.
Anachotsa pamalipiro, anandiyang'ana
ngati ndadwala mutu waukulu.

Chili pakhonde, chatsamira khoma pafupi ndi mtondo.
Mkazi wanga akuti chikanakhala chitseko cha khola la nkhunda.
Kwa Mwatumu ndinafunsako kwa madalaivala a minibasi,
onse akudziwa Mwatumu wina, wamoyo, wogulitsa zitumbuwa.

Dzulo Tadala, amene wangophunzira kuwerenga,
anagwada, nayamba kuloza timizere tija.
Anasokoneza, anayambiranso.
"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri."
Kenako anatembenuka, chala chili chofiira ndi dzimbiri:

"Ababa, ankawerenga masiku
kapena anthu?"